LibriVox ndi nkhani za mizukwa zosachita phokoso: zaulere, koma zimafuna munthu wodekha

Amene mumakonda nkhani zoopsa koma mwatopa ndi zija za m'mafilimu zoti mzukwa ukangotulukira nyimbo ndiye phuu, mphenzi ng'ani ng'ani, maso ofiira, magazi ponseponse, ndikufuna ndikuuzeni za LibriVox. Ndi webusaiti ya mabuku omvera, ma audiobook aja, ndipo ndi yaulere yeniyeni osati zija zoti ulere wa sabata imodzi kenako lowetsani nambala ya khadi ayi. Anaiyambitsa Hugh McGuire wa ku Montreal ku Canada mu 2005 ndipo kayendetsedwe kake nkosavuta kumva: anthu ongodzipereka, osalandira olo tambala, amatenga mabuku akale omwe copyright yake inatha ku America, amawerenga mokweza ali kunyumba kwawo ndi maikolofoni yomwe ali nayoyo, ena amamvetsera kuti aone ngati sanadumphe mzere, kenako mafayilo aja amakasungidwa pa webusaiti ina yosungira zinthu yotchedwa Internet Archive kuti aliyense atenge. Muli mabuku masauzande ambiri, ndakatulo, mbiri yakale, za chipembedzo, za ana, koma ine chomwe ndimapitirako nchimodzi basi, nkhani za mizukwa zomwe zinalembedwa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi koyambirira kwa m'ma 1900, zija zoti mphindi 20 zoyambirira palibe chomwe chachitika koma iwe thupi layamba kale kuchita tsemwe osadziwa kuti chakuopsa nchani.

Ndiyambe ndi za bandulo poti ndi zomwe ambiri afunse. Pa librivox.org sufunika kutsegula akaunti, palibe zotsatsa malonda, umangosaka dzina la wolemba kapena la buku kapena kulowa pagawo lomwe analitcha Horror & Supernatural Fiction. Buku lililonse analidula m'machaputala nde ukhoza kudawuniloda nkhani imodzi yokha kapena buku lonse mu zip. Mafayilo a mp3 a 64kbps amadya pafupifupi theka la MB pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti nkhani ya mphindi 30 ndi cha m'ma 15MB, yerekezani ndi zomwe mumawononga pa TikTok mphindi zochepa chabe. Ukangoika pa memori khadi basi zatha, netiweki sukuifunanso, olo kafoni kamabatani komwe kamatha kuliza mp3 kakwana. Pa Play Store palinso ma app okhala ndi dzina la LibriVox, amenewo amapanga ndi anthu ena apadera ndipo ena amakhala ndi zotsatsa, ine ndimaona bwino kutenga mafayilo pa webusaiti penipeni nkumamvera ndi pulogalamu ya nyimbo ya mufoni.

Woyambira ndi M. R. James, palibe kukambirana. Bambo ameneyu anabadwa mu 1862 anamwalira mu 1936, ntchito yake yeniyeni inali yofufuza mipukutu yakale yolembedwa pamanja, anakhalapo mkulu wa King's College ku Cambridge kenako wa sukulu ya Eton. Nkhani za mizukwa ankalemba pambali, ndipo zambiri ankazilemba kuti awerengere anzake usiku wa nyengo ya Khirisimasi m'chipinda chake, powala kandulo. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse ya chifukwa chomwe ndikuitamira LibriVox. Nkhani zimenezi zinapangidwira khutu. Ukamawerenga ndi maso pa sikirini umathamanga, umadumpha ndime yofotokoza tchalitchi ndi mawindo ake kufuna ukafike pomwe pali chinthucho, nde ukafikapo supeza kanthu chifukwa mantha ake anali m'ndime wadumphazo. Koma munthu akamakuwerengera sungathamange, umayenda pa liwiro lake, akapuma iwenso umapuma, ndipo kachiganizo kamodzi kongodutsa koti wantchito wa mu hotela wadabwa kuti bwanji mabedi onse awiri aoneka ogonedwa chikhalirecho mlendo ndi mmodzi, kamakupeza usanakonzeke.

Buku lake loyamba, Ghost Stories of an Antiquary la 1904, lili ndi nkhani 8 ndipo lilipo pa LibriVox. Ya mabedi awiriyo ndi ija yotchuka ya Oh, Whistle, and I'll Come to You, My Lad. Pulofesa Parkins, munthu wosakhulupirira za mizimu olo pang'ono, wapita ku tchuthi m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa England kukaphunzira gofu. Mnzake wamupempha kuti akamuonereko bwinja la nyumba yopemphereramo ya ma Templar, gulu lakalekale la asilikali achikhristu. Pofukulafukula ndi kampeni apeza kachitsulo ngati kapaipi, kuika m'thumba. Pobwerera madzulo m'mchenga muja atatembenuka aona munthu kutali kumbuyo, akuoneka ngati akuthamanga koma mtunda sukuchepa. Basi, zomwezo. Palibe kukuwa, palibe kuthawa, iye angoganiza kuti bola akanakhala ndi woyenda naye nkupitiriza ulendo. Kuchipinda apukuta kachitsulo kaja apeza kuti ndi wezulo, pali mawu a Chilatini ofunsa kuti akubwerayo ndani, ndiye iye poti ndi wophunzira aima pawindo usiku nkuliza. Mphepo kubwera nthawi yomweyo.

Apa ine mtima unagunda osati chifukwa cha mphepoyo koma chifukwa tonse tinakula tikuuzidwa kuti osaimba mluzu usiku, osatola chinthu pamphambano, osaloza kumanda. Munthu wa ku Cambridge wa zaka zoposa 100 zapitazo akumanga nkhani yonse pa malamulo omwewo omwe agogo ankatiuza, kuti chomwe wachipeza pamalo akale chili ndi mwini wake ndipo ukaitana china chake chimayankha. Nkhani zambiri za James zimayenda choncho, munthu wophunzira, waulemu, wosachimwira aliyense, amangotenga kapena kutsegula kapena kuwerenga chomwe sichinali chake. Chilango chake sichibwera tsiku lomwelo. Chimayamba ndi maloto, kenako kamnyamata kothawa kakulira kuti kaona chinthu choyera chikukabayibitsa pawindo la chipinda chomwe Parkins anakhoma yekha kiyi ali nayo m'thumba, kenako zofunda za bedi lopanda munthu lija zopindikapindika. Pofika usiku womaliza iwe womvera wadziwa kale chomwe chichitike ndipo nchifukwa chake ukuopa, ukungodikira kuti bedi lija lichite phokoso liti. Sindinena momwe zinathera koma ndinganene kuti ndi nsalu ya pabedi chabe, palibe mano palibe zikhadabo, ndipo sindinaonepo filimu yomwe inandiopsa kufika pomwe nsalu imeneyo inandifikitsa.

Ina yomwe ndimaibwereza ndi The Mezzotint. Bambo Williams amagulira zithunzi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa yunivesite, wogulitsa wa ku London wamutumizira chithunzi chosindikiza cha nyumba yaikulu ya kumudzi, chopanda chodabwitsa chilichonse, mtengo wake wokwera mosamveka. Mnzake atachiyang'ana akuti si choipa, ndipo kamunthu kali m'mphepete umu kajambulidwa bwino. Kamunthu kati? Poyamba munalibe munthu. Usiku achiyang'ananso, mwezi watuluka m'chithunzi muja ndipo chinthu chovala zakuda chikukwawa pa kapinga kulunjika kunyumba. M'mawa chinthu chija palibe koma windo limodzi la pansi ndi lotsegula. Anzanga, taganizani kumva zimenezi ndi khutu, magetsi atazima, foni ili pachifuwa sikirini yozima. Palibe amene akuthamangitsidwa, anthu a m'nkhaniyi ali pabwinobwino akumwa tiyi, kusuta, kukamba za gofu, choopsacho chinachitika kalekale kwa anthu ena ndipo palibe angachiletse, iwo akungoonera pang'onopang'ono ngati ife. Windo lotsegula lija limaopsa kuposa chinthu chokwawacho chifukwa ndiwe wekha amene ukumalizitsa m'mutu kuti chalowa, chili mkati, ndipo m'nyumbamo muli mwana.

Ndi mmene mantha osachita phokosowa amagwirira ntchito. Wolemba amakupatsa zochepa, zotsalazo umadzipangira wekha, ndipo zomwe umadzipangira wekha zimatengera zomwe iweyo umaopa, nyumba yomwe unakuliramo, kanjira kodutsa kumanda komwe unkathamanga ukatumidwa madzulo. Filimu ikakuonetsa nkhope ya chilombo ndiye kuti yatha, waona, mawa waiwala. James mwini analemba m'mawu oyamba a buku lake lachiwiri la 1911 kuti malo a nkhani azikhala ozolowereka ndipo anthu ake azilankhula ngati omwe timakumana nawo tsiku lililonse, kuti womvera aziganiza kuti ndikapanda kusamala zoterezi zikhoza kundionekera inenso, komanso kuti mzukwa uzikhala woipa mtima osati wothandiza anthu. Nde musaganize kuti poti ndi zachete ndiye kuti ndi zofewa. Zinthu zake zikafika zimakhala zogwirika, zaubweya, zonyowa, zowonda mafupa okhaokha, munthu kupisa dzanja pansi pa pilo nkukhudza chomwe sichiyenera kukhala pamenepo. Kungoti amakuonetsa kamphindi kochepa kwambiri atakudikiritsa nthawi yaitali, ngati nyemba za pambaula zomwe sizipsa chifukwa choti wakupizira moto mwaukali.

Ndipo kumvera mawu amodzi mumdima si chachilendo kwa ife. Nthano timazidziwa, padangokhala, tili tonse, moto ukuzilala, ana kuunjikana. Wokamba nthano wabwino sankakuwa pofika pa chilombo, ankatsitsa mawu. Owerenga abwino a pa LibriVox amachita zomwezo, ndipo pali mmodzi wa mawu achingerezi cha ku England, wamkulu ndithu pomumva, amene amawerenga James mosathamanga, mosasintha mawu kuti aopseze, ngati akukuuza za mitengo ya zinthu kumsika, ndipo kuuma kwake komweko ndi komwe kumachititsa nthumanzi.

Ukamaliza James pali ena. The Signal-Man ya Charles Dickens inatuluka mu 1866, chaka chimodzi chitadutsa kuchokera pomwe Dickens mwiniwake anapulumuka pangozi ya sitima ku Staplehurst mu 1865, ndipo zimamveka kuti wolembayo sitima ankaiopa zenizeni. Ndi ya bambo wogwira ntchito yekhayekha m'kanyumba ka zizindikiro za sitima pansi pa chigwembe chonyowa pafupi ndi khomo la tanelo, belu limalira lomwe akulimva ndi iye yekha, pa nyali yofiira pamaima munthu wobisa nkhope akubayibitsa mkono, ndipo nthawi iliyonse akaoneka pamachitika zoopsa panjanji. Chomwe chimandipweteka m'nkhaniyi si mzukwa ayi, ndi bamboyo, munthu wosamala ntchito yake kwambiri amene wachenjezedwa koma sanauzidwe kuti ngozi ichitikira pati kapena liti, ndipo akatumiza uthenga wa ngozi popanda chifukwa amuyesa wamisala amuchotsa ntchito. Amene munagwirapo ntchito ya usiku nokha, ulonda kaya ku wodi kuchipatala, imeneyi ikukhudzani. Ndi yaifupi, theka la ola kapena kuposerapo pang'ono.

The Willows ya Algernon Blackwood ya 1907 ndiye yoyesera kudekha kwa munthu, imatenga maola awiri kapena kuposa. Amuna awiri akuyenda pabwato laling'ono mumtsinje wa Danube, adutsa Vienna, adutsa Pressburg yomwe pano ndi Bratislava, alowa m'dambo lalikulu lopanda anthu madzi atasefukira, amanga tenti pakachilumba ka mchenga kodzaza timitengo ta willow. Mulibe mzukwa weniweni. Kachilumbako kakudyeka ndi madzi ola lililonse, timitengo tija m'mawa tikuoneka ngati tasendera pafupi ndi tenti, chopalasira chimodzi chasowa, pansi pa bwato pang'ambika, mumchenga mwadzaza timaenje tozungulira, ndipo pali kulira kwina ngati kwa chitsulo chomenyedwa kutali komwe sukudziwa ngati kukuchokera kumwamba, pansi kapena m'mutu mwako. Amunawa aliyense akuyesetsa kusatchula zomwe akuganiza chifukwa akuona kuti kuziganizira komweko ndi komwe kukuwaulula. Ndinene zoona, chiyambi chake nchachitali, amafotokoza mtsinje mpaka ena angagone, koma musadumphe, mtsinjewo ndi umene ukukukonzekeretsani. Amene anagonapo kunyanja kapena m'mbali mwa Shire usiku madzi akungolankhula okha adzaimva msanga kuposa wa mutauni.

Ya Edith Wharton yotchedwa Afterward, ya 1910, ndi ya banja la ku America lomwe lapeza chuma nkukagula nyumba yakale ku Dorset ku England, ndipo auzidwa kuti nyumbayo ili ndi mzukwa koma sudziwa kuti waona mzukwa mpaka patapita nthawi yaitali. Imeneyi ndimaikonda chifukwa choopsa chake chikuchokera ku ndalama, momwe mwamunayo anapezera chumacho ndi yemwe anamupondereza, zomwe mkazi wake sanafune kufunsa. Mzukwa wake umabwera masana dzuwa likuwala, kufunsa mwaulemu ngati bambo alipo, ndipo mayiyo ndi amene amaulozera njira.

Tsopano zofooka zake, poti zilipo ndipo wina asadzati sindinanene. Owerenga ndi ongodzipereka nde mawu ndi osiyanasiyana kwambiri. Wina amawerenga ngati katswiri wa pawailesi, wina amathamanga, wina maikolofoni yake ili ndi kaphokoso ka mphepo, wina amayesa kusintha mawu kuti amveke ngati mzukwa ndipo kwa nkhani zamtunduwu zimenezo zimaononga zonse. Mabuku ena amawerenga munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, amalemba kuti solo, ena chaputala chilichonse ndi munthu wake. Kwa nkhani za mizukwa sankhani a solo, chifukwa khutu likazolowera mawu amodzi kenako nkubwera ena a kalankhulidwe kosiyana mantha aja amabalalika. Ubwino wake mabuku otchuka amakhala ndi ma version angapo, nde mverani mphindi ziwiri za aliyense pa webusaiti pomwepo musanawononge bandulo. Palinso mndandanda wautali wa nkhani zazifupi za mizukwa ndi zoopsa zosakanizasakaniza zomwe amazitulutsa m'magulu okhala ndi manambala, mmenemo muli golide ndi zinyalala pamodzi, ndi mwabwino kupezeramo olemba atsopano koma si poyambira.

China, fayilo iliyonse imayamba ndi kachilengezo kofanana konena kuti iyi ndi rekodi ya LibriVox ndipo ndi ya aliyense, ndipo kumapeto amanena kuti chaputala chathera apa. Ndikumvetsa chifukwa chake ndipo anthuwa akutipatsa zaulere, koma nkhani ikangotha pamalo pozizira thupi kenako mawu omwewo nkunena kuti mapeto a chaputala chakuti, nkuyambanso chilengezo cha yotsatira, zimakudzutsa mwadzidzidzi. Njira yake ndi kuika nkhani imodzi yokha pamndandanda kuti ikatha kukhale zii.

Chachikulu ndi Chingerezi chake. Ndi chakale, ziganizo zitalizitali, James amaponyamo Chilatini osamasulira nthawi zina, amatchula zigawo za matchalitchi zomwe olo mzungu wa lero sazidziwa, ndipo antchito ndi anthu a kumudzi amawalankhulitsa Chingerezi chopotoka chomwe pa khutu chimavuta kugwira. Amene Chingerezi munachisiyira ku MSCE musataye mtima, nkhani zomwezi zilipo zolembedwa pa Project Gutenberg, nayonso yaulere, nde ulendo woyamba mukhoza kumvera mukutsatira ndi maso, kachiwiri nkuzimitsa sikirini. Kachiwiriko ndi komwe kumakoma, chifukwa nkhani zamtunduwu sizidalira kukudzidzimutsa, ukadziwa mathero mpomwe umayamba kuona tizizindikiro tomwe wolemba anamwaza kuyambira tsamba loyamba. Ma pulogalamu ambiri omvera amalolanso kuchepetsa liwiro pang'ono, koma kuwonjezera liwiro ndiye ayi chonde, 1.5x pa The Willows ndi kutaya nthawi yanu.

Dziko la m'nkhanizi nalonso ndi lopapatiza, tisabise. Ndi la azibambo achizungu ophunzira, osakwatira ambiri, okhala ndi antchito, oyenda m'malaibulale ndi m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, akazi kwa James amangodutsa, ndipo mwa olemba ena a nthawi imeneyo mumapezeka mawu onyoza anthu a mitundu ina omwe amakuluma ukawamva, pajatu inali nthawi ya atsamunda. LibriVox sisintha mawu a m'buku, amawerenga momwe linalembedwera. Komanso poti amatenga mabuku okhawo omwe copyright inatha, olemba a masiku ano a nkhani zoterezi simuwapezamo. Chomwe ndimalakalaka ndikamamvera ndi choti wina wa mawu abwino atatikonzera zathu m'Chichewa mwanjira yomweyi, osati za ndege za ufiti zakugwa padenga ndi anthu kukuwa, koma zija zachete zomwe timauzana pamaliro usiku anthu ena atagona, za mayi wakufa amene amamveka akusinja mtondo mbandakucha, za nyumba ya aphunzitsi yomwe aliyense amapempha kusamuka osanena chifukwa. Nkhani tili nazo zambiri, foni zojambulira mawu tili nazo, amene akusowa ndi wodekha woti asathamangire kuonetsa chilombo.

Za mahedifoni, tiwiri ta m'makutu totchipa tokwana, mawu a munthu safuna bezi. Mu minibasi kapena pamsika musayese, phokoso limameza timawu tating'ono tomwe ndi mwini nkhani, izi nza usiku pogona kapena pomwe magetsi apita ndipo palibe chochita. Batire sizidya kwenikweni poti sikirini imakhala yozima.

Poyambira ndinganene The Mezzotint, kenako The Signal-Man, kenako ya wezulo ija, The Willows muisunge mpaka mutazolowera kayendedwe kake. Chenjezo limodzi pa buku loyamba la James lija: muli nkhani yotchedwa Lost Hearts, ya mwana wamasiye wotengedwa ndi wachibale wachikulire wolemera wooneka wokoma mtima, amene amangomufunsafunsa zaka zake, ndipo m'nyumbamo munadutsapo kale ana ena awiri osowa kwawo omwe anangozimirira. Bamboyo amakhulupirira kuti ziwalo za ana zimupatsa mphamvu. Kwa owerenga a ku England mwina ndi nthano chabe, koma kwa ife amene tamva pawailesi za abale athu achialubino kuphedwa chifukwa cha zikhulupiriro zomwezo, imeneyi siimveka ngati ya kutali ndipo imalemera pamtima mosiyana ndi zinazo. Ndi yolembedwa bwino kwambiri, koma musaiike pa sipika m'nyumba momwe muli ana.